Foni ili mmanja, njerwa zili panja: mmene mungaphunzirire zopangapanga pa intaneti

Ambirife tikati intaneti timangoganiza za Facebook, TikTok ndi magulu a pa WhatsApp aja otumizirana za maliro ndi zikwati, koma kuli mbali ina imene sitinailowe kwenikweni, kumene anthu a mmaiko osiyanasiyana amalemba mmene apangira chinthu, sitepe ndi sitepe, zithunzi zili pompo, ndiye wina akabwera nkuyesa amawonjezerapo zake, wina nkukonza pamene panalakwika, wina nkubweretsa njira yotchipa, mpaka malangizo aja amakhwima. Ndipo ambiri mwa malo amenewa salipiritsa, chimene chimapita ndi bandulo basi. Ndiye tiyeni tikambirane mmene mungawagwiritsire ntchito kuti pamapeto pake pakhale chinthu chogwirika pakhomo, chifukwa kuwonera mavidiyo mpaka foni kutentha kenako nkukagona, zimenezo aliyense amatha.

Koma ndinene kaye chinthu chimodzi, poti nkhani yonse yagona pamenepa. Amene amalemba malangizowa ambiri ali ku America, ku Ulaya, ku India, ali ndi mashopu awo, mapulanga awo, magetsi awo, olo dzuwa lenilenili kwawoko limadzera mbali ina. Mukangotenga zimene alemba nkumatsatira mutu uli pansi, muwononga ndalama kenako muzidzati za pa intanetizi nzabodza. Pa sitepe iliyonse muzidzifunsa kuti ichi achiikapo chifukwa chani, chikugwira ntchito yanji, nanga kwathu kuno chimene chingagwire ntchito yomweyo ndi chiti. William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu uja anachita zomwezi ali ndi zaka 14, intaneti asanaiwoneko nkomwe, anangowona zojambula mbuku la mlaibulale, Chingerezi chake chili chochepa, nkukatola zidutswa za njinga, fani ya thirakitala ndi mapaipi a pulasitiki, mitengo ya bulugama nkukhala nsanja, makina a mphepo aja nkuyatsa babu. Buku silinamuuze kuti katenge fani ya thirakitala ayi, anamva chimene chimafunika kuti chichitike ndiye anasaka chimene chinalipo. Ifeyo tili ndi mwayi woposa pamenepo chifukwa zojambulazo zili mthumba, kungoti mutu wake ndi womwewo.

Kopita nkuti

Webusaiti ya Instructables ndiye poyambira pabwino. Inayamba mu 2005, oyambitsa ake ndi Eric Wilhelm ndi Saul Griffith, ndipo mu 2011 inagulidwa ndi kampani ya Autodesk. Mmenemo muli chilichonse, ukalipentala, zamagetsi, zosoka, zoumba, zidole za ana, zina zothandiza zina zongoseweretsa nthawi. Aliyense amaloledwa kuikamo zake ndiye musadabwe kupeza zina zosalongosoka. Chimene ndimakondera malowa ndi kagawo kaja ka pansi kolembedwa kuti I Made It, pamene anthu amene atsatira malangizowo amaika zithunzi za chimene chatuluka. Mukapeza kuti anthu angapo apangadi ndipo zikuwoneka, dziwani kuti malangizowo ndi amoyo. Mukapeza zithunzi zokongola za mwini wake yekha, wina aliyense zii, samalani.

iFixit ndi ya zokonzakonza, mafoni, malaputopu, mawailesi, makina osokera, olo magalimoto. Anayambitsa mu 2003 ndi Kyle Wiens ndi Luke Soules ali ana asukulu ku California, atavutika kukonza laputopu popanda buku la malangizo. Imayenda ngati Wikipedia, kutanthauza kuti aliyense akhoza kulemba kapena kukonza zimene wina analemba. Zithunzi zake ndi zaukhondo kwambiri, sikuluwu iliyonse amaizunguliza ndi kamzere ka mtundu wake nkulemba kutalika kwake, chifukwa mufoni ukaika sikuluwu yaitali pa bowo la yaifupi umaboola bodi. Vuto lake ndi loti adzaza ndi iPhone ndi Samsung, ma itel ndi ma Tecno athuwa malangizo ake ndi ochepa, koma tibwereranso pamenepa.

Appropedia, imene inayamba mu 2006, ndiye imayandikira kwambiri moyo wathu: mbaula, zosefera madzi, zimbudzi, matanki okolola madzi a mvula, zoumitsira masamba ndi zipatso padzuwa. Maonekedwe ake si okopa, masamba ena ndi malipoti a ana asukulu za ukachenjede, ena anasiyidwa panjira, koma mukafufuza bwino mumapeza miyezo, zifukwa, ndi zimene zinakanika, zomwe nzosowa kwina.

Kulinso Open Source Ecology ya Marcin Jakubowski ku Missouri ku America, amene anaika cholinga chopanga mapulani aulere a makina 50, kuphatikizapo thirakitala ndi makina otsindira njerwa za dothi. Kawoneniko kuti mutseguke maso, koma si poyambira ayi, pamafunika shopu yowotcherera yeniyeni. YouTube nayo ndi yothandiza pa chinthu chimodzi chimene zithunzi sizingakuwonetseni, kagwiridwe ka dzanja, mmene sowo imayendera, mmene dothi limawonekera likafika. Koma miyezo muzikatenga kolembedwa.

Kusankha ntchito ndi kuwerenga kwake

Osayamba ndi kufufuza, yambani ndi vuto la pakhomo panu. Nkhuni zikutha msanga, mwana alibe tebulo lowerengera, masamba a mfutso akudzadza fumbi ndi ntchentche, chaja yaduka pakhosi. Sankhani chimodzi chimene chingathe pa Loweruka limodzi kapena awiri, ndipo chikakanika musalire ndalama. Anthu ambiri amathera pa chiyambi chifukwa tsiku loyamba lomwe akufuna makina oswera mazira 500.

Mukasankha, pezani malangizo atatu kapena anayi a chinthu chomwecho olembedwa ndi anthu osiyana, muwawerenge onse mpaka kumapeto musanagule olo msomali. Apa mpamene pali nzeru: chimene onse akuchita mofanana ndiye mtima wa chinthucho, musachisinthe. Chimene aliyense wachita mwake mwake, uyu thabwa uyu lata uyu nsungwi, pamenepo ndi pamene muli ndi ufulu woika chimene muli nacho. Tengani kope, mujambule chinthucho ndi dzanja lanu olo mujambule moipa, mulembe miyezo yake. Mukamajambula mpamene mumazindikira kuti pali mbali ina simunaimve.

Zachingerezi zisakuopseni. Google Translate ili ndi Chichewa kuyambira mu 2014 ndipo imathandiza kumva mutu wa nkhani, kungoti ikafika pa maina a zida imasokoneza, ndiye dzina la chida likopereni mmene lilili, mulisake pa zithunzi, mukachiwona muzindikira kuti aaa, si ichi chimapezeka ku Malangalanga ichi. Chithunzi chomwecho ndi chimene mukawonetse mu hadiweya.

Ndiye pali misampha ya miyezo. Inchi imodzi ndi masentimita 2.54, fiti imodzi ndi masentimita 30 ndi kakang'ono. Akalipentala athu mainchi amawadziwa bwino, misomali timagula ya folo inchi, koma thabwa limene ku America amalitchula kuti 2 by 4 likamafika mushopu limakhala litapalidwa kale, kukula kwake kwenikweni ndi mamilimita 38 kwa 89, pamene mapulanga a pamsika pathu amabwera osapala ndipo amasiyanasiyana, lina lonenepa lina loonda mulu womwewo. Ndiye mukadula zonse motsatira manambala a mpulani, polumikiza zikana. Yezani thabwa limene muli nalo, muwerengere kuchokera pamenepo. Akati ndowa ya magaloni 5 akunena malita pafupifupi 19, ndowa yathu ya 20 ija ikwana. Akalemba kutentha kwa 140 osachita mantha, ndi Fahrenheit imeneyo, kwathu ndi madigiri 60, madzi kwawo amawira pa 212 pamene ife timati 100.

Msampha waukulu ndi wa dzuwa. Malangizo ambiri a sola kapena a choumitsira masamba amati chiyang'anitseni kummwera, ndipo akunena zoona kwawoko chifukwa ali kumpoto kwa ikweta. Ife tili kummwera kwake, Lilongwe ili pa madigiri pafupifupi 14, ndiye panelo lathu liyang'ane kumpoto, lopendekeka pang'ono cha mma digiri 15, kuti mu June ndi July pamene dzuwa limadzera kumpoto lizilandira bwino, komanso mvula izitsuka fumbi. Yendani mmakwalala muwone mapanelo angati angogonekedwa padenga mmene lata lapendekera basi. Za magetsi nazonso, ku America a mnyumba ndi 120V, kwathu ndi 230V.

Tiyeni tipange mbaula tiwone

Chitsanzo chimodzi tichiyang'ane pafupi, mbaula ya nkhuni imene pa intaneti imadziwika kuti rocket stove. Mukalemba dzina limeneli pa Appropedia kapena Instructables zituluka zambirimbiri, ya zitini, ya njerwa 16, ya mapaipi owotcherera, ya dothi, mutu ukhoza kuzungulira. Koma mukawerenga zingapo muwona kuti zonse zikuchokera pa mfundo zomwezomwezo, zimene anazikonza Larry Winiarski wa ku bungwe la Aprovecho ku Oregon ku America cha mma 1980 mmenemo.

Njira ya moto imapindika ngati chilembo L. Nkhuni zimalowera mmbali cha pansi, moto umakwera mu kachumuni kakafupi nkukamenya pansi pa poto. Kachumuniko kutalika kwake kakhale pafupifupi katatu kukula kwa khomo, ndiye ngati khomo ndi masentimita 12, kutalika kukhale cha mma 36. Nkhuni zisagone pansi, zikhale pa kashelefu kuti mpweya uzilowa kunsi kwake, ndipo zimayaka kunsonga kokha, inu nkumazikankhira pang'onopang'ono. Njirayo isapanikizike pena paliponse kuyambira pakhomo mpaka potulukira, nchifukwa chake poto sakhala motseka pakamwa, mumaika timiyala kapena tizitsulo titatu kuti patsale mpata wa zala ziwiri. Izi ndiye zosasintha. Zina zonse nzokambirana.

Tsopano mufika pamene alemba kuti kuzungulira njira ya motoyo thiranimo perlite kapena vermiculite. Mukayamba kuzungulira mtauni kusaka zimenezi mutha nsapato. Funsani funso lija, zikugwira ntchito yanji? Ndi zinthu zopepuka zodzadza ndi timipata ta mpweya, ntchito yake nkuletsa kutentha kuti kusathawire mmakoma, moto ukhale wotentha kwambiri mpaka utsi womwe uzipsa. Ndiye kwathu chopepuka chosayaka ndi chani? Phulusa louma la nkhuni, ngati mbaula yanu ndi ya zitini ziwiri china mkati mwa chinzake. Ngati ndi youmba, sakanizani dothi la pachulu ndi utuchi kapena mankhusu a mpunga, moto ukamadya utuchiwo mumatsala timabowo ndipo khoma limapepuka. Amene sanafunse funsoli amathiramo mchenga poganiza kuti bola chadzadza, koma mchenga ndi wolemera, umamwa kutentha kumene kukanapita ku poto, ndiye mbaula imachedwa nkumadya nkhuni ngati kale lomwe. Mabuloko a simenti nawo mumawawona mmavidiyo ambiri chifukwa amasanjika mwachangu, koma simenti ndi moto sizigwirizana, amang'aluka. Lata lonyezimira la padenga lija musaliike mkati mwa moto, utsi wake woyamba ndi woipa mchifuwa, ndipo chitini cha penti chiwotcheni kaye panja penti yense athe.

Pali china chimene olemba a kunjawa sangachiganize olo pang'ono: nsima. Iwowo akuwiritsa madzi a khofi kapena kukazinga dzira, ndiye kambaula ka zitini kataliatali kamawakwanira. Inu ikanipo poto wa banja la anthu 7 muyambe kuthyakula, muwona mbaula ikuvina, poto nkutsetsereka. Ndiye yanu ikhale yaifupi, ya matako otambalala, poto azikhazikika moti mayi akapanira ndi mthiko pasagwedezeke kanthu. Nchifukwa chake ndi bwino kuwonanso zimene zapangidwa konkuno, monga Changu Changu Moto imene a Ripple Africa amalimbikitsa ku Nkhata Bay, ya njerwa ndi dothi, ya malo awiri, pena nsima pena ndiwo, kapena Chitetezo mbaula youmba ija. Mfundo za moto tengani pa intaneti, kakhalidwe ka poto funsani amene amaphika pakhomopo, ndipo muwafunse musanamange, chifukwa mbaula imene wophika sanaifune imasanduka pokhalira nkhuku.

Pomanga, sanjani kaye njerwa zokhazokha popanda dothi. Yatsani timitengo touma tonenepa ngati chala, mudikire kachumuni katenthe, muwone. Utsi ukamabwerera kukhomo ndiye kuti pamwamba papanikizika kapena mwadzaza nkhuni zambiri mpaka mpweya ukusowa polowera. Moto ukamafooka nkumachita utsi woyera, mwina nkhuni nzaziwisi kapena mphepo yozizira ikulowa yambiri mmipata ya njerwa. Sunthani njerwa imodzi, yesaninso. Kusewera kumeneku ndiye sukulu yake, ola limodzi la pamenepa limaposa mavidiyo 20, ndipo ana akakhala pafupi asiyeni anene maganizo awo, nthawi zina amawona msanga kuposa akulu. Mukakhutira mpamene mumamata ndi dothi, nkuisiya masiku angapo iume. Mukaiyatsa ili yaiwisi ikukhumudwitsani chifukwa moto wonse ukuthera kuumitsa dothi.

Kenako muiyese moona mtima. Poto yemweyo, madzi malita 5, nkhuni za mtengo umodzi zoyezedwa pa sikelo kapena zogawidwa milu yofanana. Wiritsani pa mafuwa, lembani mphindi ndi nkhuni zotsala, wiritsaninso pa mbaula. Musadabwe mukapeza kuti kusiyana kwake nkochepa poyamba, munthu wodziwa kusonkha moto pa mafuwa si wamasewera. Ndiye yesani kuzunguliza poto ndi lata, osati lonyezimira lija, losiya mpata wa sentimita imodzi kuti moto uzikwera mokhudza mmbali mwa poto, muyezenso, apa mpamene ambiri amawona kusintha. Muzisintha chinthu chimodzi pa ulendo umodzi, mukasintha zitatu nthawi imodzi simudziwa chimene chathandiza. Ndipo olo utsi uchepe bwanji, phikirani panja kapena mkhitchini mopita mphepo, mpweya woipa wa moto suwoneka ndi maso.

Zamagetsi, ndi mabodza ake

Amene mtima wanu uli ku mawaya, yambani ndi zinthu za 5V kapena 12V, za USB, za batire ya njinga yamoto, za kasola kakang'ono. Chida choyamba kugula ndi kamita koyezera kaja, multimeter, olo kotchipa. Ntchito yoyamba yabwino ndi kanyale ka LED: kababu koyera kamafuna pafupifupi 3V ndi 20mA, chaja ikupereka 5V, ndiye 2V yotsalayo iyenera kudyedwa ndi resistor, kachida kochepetsa magetsi odutsa, 2 kugawa ndi 0.02, amene ndi 20mA aja mu ma amp, ikupatsani 100, ndiye resistor ya 100 ohm. Kasamu kameneka mukakamva kamodzi mwatsegula khomo lalikulu. Pa webusaiti ya Tinkercad, imene ndi yaulere, mukhoza kulumikiza mawaya pa sikirini nkuwotcha ma LED abodza mmene mungafunire musanawononge enieni, kungoti imafuna netiweki ndipo imayenda bwino pa kompyuta.

Mabatire a 18650 ochotsa mmalaputopu akufa ali ponseponse mmalangizo, ndipo ndi abwinodi, koma si zidole. Akadzadza amafika 4.2V basi, osapyola, ndiye amafuna kabodi kochajira ngati TP4056 kokhala ndi chitetezo, osangowalumikiza ku sola mwachindunji. Lotupa, lobooka kapena lotentha lokha, lisiyeni. Potsegula foni a iFixit amachenjeza kuti batire ikhale pansi pa 25 peresenti, chifukwa yodzadza ukaiboola mwangozi imalilima moto. Za magetsi a mkhoma, mawaya a nyumba, mkati mwa microwave ndi ma TV akale a chimsana aja, zisiyireni amene anaphunzira, zina zimasunga magetsi olo mutazula pulagi. Muwonanso mavidiyo a anthu akujambula maluwa pa thabwa ndi thiransifoma ya microwave, zimenezo zapha anthu, musayese.

Ndiye kuli mavidiyo aja a magetsi aulere, maginito awiri, kamota, sipaki pulagi, babu nkuyaka mpaka kalekale. Bodza lenileni, batire amaibisa. Chizindikiro chake nchosavuta: palibe miyezo, palibe kufotokoza chifukwa, kanyimbo kokha ndi manja othamanga, ndipo palibe munthu wina amene anapangako nkuwonetsa. Malangizo enieni amatopetsako pang'ono, amakuuza pamene pamavuta.

Bandulo, gulu, ndi amisiri a pamsika

Kuti bandulo isakuthereni, fufuzani nthawi imodzi, gwirani ntchito popanda netiweki. Mu Chrome tsamba lililonse mukhoza kulisunga ngati PDF podzera pa Print, kapena kungojambula masikirinishoti a masitepe onse nkuwaika mufoda imodzi. Vidiyo ya 360p imakwana kuwona chimene dzanja likuchita. Kulinso apu yotchedwa Kiwix imene imasunga Wikipedia ndi iFixit yathunthu mufoni kuti muziwerenga popanda intaneti, mafailo ake ndi aakulu kwambiri ndiye munthu mmodzi adawunilode pa wifi kapena pa bandulo ya usiku, enanu mungokopera pa memori khadi.

Apa mwawona kale kuti pawekha nzovuta. Pezani anzanu atatu kapena anayi, uyu ali ndi sowo, uyu hamala ndi pulayala, uyu Chingerezi chimamuyenda, uyu ali ndi bwalo. Kagulu ka pa WhatsApp kakhale ka zithunzi za ntchito basi, ndipo muzikumana tsiku lodziwika, apo ayi kasanduka ka ma good morning ndi mavesi. Amene anapanga chinthu sabata yatha ndi amene aphunzitse anzake sabata ino, chifukwa pofotokozera wina mpamene umadzigwira kuti apa ndinangochita mwamwayi.

Ndipo musanyoze amisiri a pamsika poti inu mwawerenga pa intaneti. Okhoma zidebe a ku Ndirande, akalipentala a ku Mchesi, owotcherera a mmbali mwa msewu, anyamata okonza mafoni, anthu amenewa ali ndi zinthu mmanja zimene sizinalembedwe paliponse. Pitani ndi chojambula chanu mwaulemu, bambo ndimafuna mundithandize nzeru apa, akuuzani kuti lata la geji iyi lipsa msanga, thabwa ili likadali laliwisi lipindika, guluu uyu ndi wabodza. Safunsa anadya phula. Mbali imene simungathe, monga kuwotcherera, alipireni akupangireni inu muli pompo mukuwonerera, osangosiya nkubwera madzulo.

Kwa aphunzitsi ndi makolo, maganizo onsewa ali ndi mwini wake. Seymour Papert, wobadwira ku Pretoria mu 1928 amene anakagwira ntchito ku yunivesite ya MIT ku America, ankaphunzitsa kuti mwana amamvetsa kwambiri akamapanga chinthu chimene ena angachiwone nkukambirana naye, kaya ndi nyumba ya mchenga kaya ndi pulogalamu ya pa kompyuta. Scratch, pulogalamu imene ana amapangira timasewera ndi tinkhani tawo pa kompyuta, imene inatuluka ku MIT komweko mu 2007, inamangidwa pa maganizo amenewa, mwana amatsegula ntchito ya mnzake, kuwona mkati, kusintha, nkuikanso kuti ena aitenge. Koma mukhoza kuyamba olo popanda kompyuta, ana athu amapanga kale magalimoto a mawaya okhota ndi chiwongolero chenicheni. Apatseni makatoni, zitsekerero za mabotolo, kamota ka muwailesi yakufa ndi batire, muwawonetse zithunzi ziwiri zitatu, kenako manja anu muike kumbuyo. Chovuta kwa akulufe nkudziletsa kuwalanda kuti tiwakonzere.

Kubweza

Malo onsewa alipo chifukwa wina anatopa nkujambula zimene amachita, ndipo mbali yathu ino ndi imene ikusowa kwambiri mmenemo. Mmene amatsegulira itel, mmene amalimbitsira kaliyala ya kabaza kuti inyamule matumba, mmene amamangira nkhokwe, mmene amakonzera pampu yopalasa ija ikasiya kukoka, mukasaka simupeza zambiri, pamene odziwa ali mbwee. Kutsegula akaunti pa iFixit, Appropedia kapena Instructables ndi kwaulere.

Muzijambula muli mkati mogwira ntchito, osadikira kuti ithe, chifukwa mukamata dothi za mkati sizidzawonekanso. Jambulani masana pamthunzi, chinthucho chili pa thumba loyera kapena pepala, pambali pake pali tepi kapena bokosi la machesi kuti wowona adziwe kukula kwake. Sitepe imodzi chithunzi chimodzi, mawu ochepa. Lembani kuchuluka kwa zinthu, monga ndowa ziwiri za dothi pa ndowa imodzi ya utuchi ngati ndi mmene munasakanizira, mitengo ya zinthu isiyeni poti mwezi wamawa ikhala itasintha. Zimene zinakanika muzilembenso, kuti ndinayesa mchenga sizinayende, zimapulumutsa wotsatira. Lembani mChichewa, Chingerezi chikhale pansi pake ngati mungathe, olo chothyokathyoka, pa iFixit ndi Appropedia ena adzakonza. Nkhope za ana ndi nambala ya foni yanu zisawoneke pa zithunzi.

Pansi pa malangizo ambiri mupeza tizilembo ta Creative Commons, tonena zimene mwini wake walola kuti muchite ndi malangizowo. BY akutanthauza kuti mutchule mwini wake, SA kuti zimene mwasinthazo muzigawe mwa njira yomweyo, NC kuti malangizowo musawagulitse. A iFixit ali ndi zitatu zonsezi, ndiye kuwasindikiza nkumagulitsa timabuku ayi, koma kukonza foni ya kasitomala ndi nzeru zimene mwaphunzirapo nkulandira ndalama yanu palibe choletsa. Ngati munayambira pa ntchito ya wina, ikani linki yake pamwamba, kenako mulembe chimene mwasintha, mwachitsanzo kuti mmalo mwa perlite mwaika phulusa, mwafupikitsa ndi njerwa imodzi chifukwa cha nsima, ndipo poto wanu ndi wa malita angati.